Makina Ophunzitsira Afike kwa Mwana Wotsalira

Aphunzitsi aakulu ndi achiwiri anu, alangizi a maphunziro a m'mazoni, a makomiti a sukulu, amayi ndi abambo: Ena mwa inu mwalawirira panjinga, ndipo makalasi mwasiya m'manja mwa anzanu kuti mupezeke pano. Choncho sindizungulira.

Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi. Matabuleti, mawailesi ndi mafoni amene akulowa m'sukulu zathu angathe kukweza mwana amene akutsalira. Koma makina sadziwa kuti wotsalira ndani. Woyenera kudziwa ndi amene akuyendetsa sukulu. Iyeyo ndiye amalemba taimutebulo, ndiye amasunga makiyi, ndiye amagawa makalasi kwa aphunzitsi, ndiyenso amakhala pansi ndi makolo ndi mafumu. Kuti makina afike kwa mwana uti, ndi kuti amuthandize motani, zimachokera pa zinthu zinayi zimenezi.

Tiyambe ndi kalasi imene tili nayo. Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana amene kale ankatsala kumudzi kuweta mbuzi ndi kulera ang'ono awo analowa m'kalasi. Chaka chomwecho, mumzinda wa Salamanca ku Spain, maboma 92 anagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, aulumali ndi opanda ulumali omwe. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti mwana aliyense ayenera kupita kupulayimale. Pakhomo tinatsegula, ndipo tinachita bwino. Chimene chinatsalira ndi kaphunzitsidwe. M'makalasi ambiri mukadali mphunzitsi mmodzi, bolodi limodzi ndi liwiro limodzi, ngati kuti ana onse anabadwa ofanana.

Lowani m'kalasi ya Sitandade 2 cha m'ma 8 koloko m'mawa. Ana akhala pansi mothithikana, mwina kupitirira 100, pamene mlingo umene boma limafuna ndi ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi. Aphunzitsi aloza pabolodi, kalasi yonse ikuyankha pamodzi: "ba, be, bi, bo, bu." Wodutsa panja amaganiza kuti onse akuwerenga. Koma yang'anitsitsani. Pafupi ndi zenera pali mtsikana wachialubino, wafinya maso chifukwa cha kuwala, ndipo pabolodi sakuonapo kanthu. Akungotsatira mawu a anzake. Pakati pali mnyamata amene khutu lake lakhala likutuluka mafinya kuyambira chaka chatha. Amayamba wayang'ana pakamwa pa mnzake, kenako n'kuyankha mochedwa pang'ono. Uyo kwawo amalankhula Chiyao kapena Chisena chokhachokha, ndipo Chichewa akuchiphunzirira m'kalasi momwemo. Winayo wajomba masabata atatu chifukwa cha ganyu wopalira. Kumbuyo kwenikweni kuli wa zaka 12 amene wabwereza kawiri, ndipo manyazi samulola kukweza mkono. Kutsogolo nako kuli kamtsikana kamene kanamaliza kale buku lonse, katopa ndi kudikira.

Ana onsewa ali m'kaundula wanu, ndipo m'kaundulamo amaoneka ofanana: dzina, zaka, wabwera kapena wajomba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo anthu achialubino analipo oposa 134,000. Sukulu imene imanena kuti ilibe mwana wofunika thandizo lapadera ndi sukulu imene sinafufuze.

Ntchito yoyamba ya mphunzitsi wamkulu, tsono, ndi kuwadziwa anawa, ndipo izi sizilira ndalama. Sabata yachiwiri ya teremu, mphunzitsi aliyense akhale ndi mwana mmodzimmodzi kwa mphindi zochepa. Amusonyeze zilembo, kenako maphatikizo, kenako mawu, kenako kankhani kakafupi, n'kulemba pamene mwanayo wakakamira. Achite chimodzimodzi ndi manambala. Mwana aime kumbuyo kwa kalasi, atseke diso limodzi, awerenge zimene zili pabolodi. Mphunzitsi aime kumbuyo kwa mwanayo, amuitane motsitsa mawu, aone ngati atembenuke. Zimenezi si zaudokotala. N'zongotithandiza kudziwa amene tingamutumize kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo, ndi amene tingamuitanire mphunzitsi wa maphunziro apadera, mmodzi mwa aja amaphunzira ku Montfort ku Nguludi. Zotsatira zake zilowe m'kope limodzi losungidwa mu ofesi yanu: dzina la mwana, chimene chikumuvuta, chimene sukulu yagwirizana kuchita, ndi tsiku loti mudzaonenso ngati zasintha. Woyendetsa sukulu amene alibe kope limeneli amagawa thandizo mongoganizira.

Ntchito yachiwiri ndi kupatsa aphunzitsi ufulu wosintha kaphunzitsidwe. Aphunzitsi ambiri amadziwa kuti njira imodzi sikwanira ana onse, koma amaopa kuti ahedi kapena alangizi a m'zoni (a PEA) akapeza kalasi itagawidwa m'magulu, ena ali pansi pa mtengo, adzati palibe dongosolo. Muwachotse mantha amenewo. Pokonza phunziro lililonse mphunzitsi adzifunse mafunso atatu. Kodi chinthu chimenechi ndingachionetse m'njira zingati, kuti wina amve ndi khutu, wina aone ndi maso, wina agwire ndi manja? Kodi mwana angandisonyeze m'njira zingati kuti wamvetsa, polemba, poyankha pakamwa, poloza kapena pojambula? Nanga n'chiyani chimene chingamuchititse kufuna kubweranso mawa? Zipangizo zake muli nazo kale. Ndi TALULAR yomwe ija munaphunzira kukoleji: zitsekerero za mabotolo, timitengo tomanga khumikhumi, zilembo zodula pakatoni, kulemba pamchenga ndi chala.

Zina mwa zosinthazi zili m'manja mwa mphunzitsi wamkulu yekha. Ndinu amene munganene kuti mwana wachialubino azivala chipewa ndi malaya a mikono yaitali ngakhale yunifolomu ikunena zina, azikhala kutsogolo kumbali yopanda kuwala kothobwa m'maso, ndipo aziloledwa kudzuka n'kupita pafupi ndi bolodi popanda wina womuseka. Ndinu amene mungasamutse kalasi yonse kupita m'chipinda chopanda masitepe chifukwa cha mwana mmodzi woyenda pa njinga ya olumala. Ndinu amene mungalamule kuti mwana wovutika kumva azikhala poti aziona nkhope ya mphunzitsi, ndi kuti mphunzitsiyo asamalankhule atayang'ana kubolodi. Ndinunso amene mungaleke kupereka Sitandade 1 ndi 2 kwa mphunzitsi amene watsala ena onse atasankha, n'kuikako amene amadziwa bwino kuphunzitsa kuwerenga.

Anansi athu a ku Zambia ali ndi chitsanzo chimene tingatengerepo nzeru. Mu 2016 anayamba ndondomeko yotchedwa Catch Up m'sukulu zochepa za kum'mawa ndi kum'mwera kwa dzikolo, kuphatikizapo za ku Chipata ndi ku Katete kumene ana amalankhula chinenero chathu chomwechi. Njirayi inachokera ku bungwe la Pratham ku India. Kwa ola limodzi patsiku, ana a Giredi 3 mpaka 5 sakhala potsata kalasi yawo. Amakhala potsata pamene afika: osadziwa zilembo paokha, owerenga mawu paokha, owerenga nkhani paokha. Mwana akakwera, amasamukira m'gulu lotsatira. Boma la Zambia litaona kuti ana akudziwa kuwerenga, linafalitsa njirayi m'sukulu zambiri. Palibe makina alionse amene amafunika pamenepa. Chofunika ndi ola limodzi pa taimutebulo, ndipo taimutebulo amalemba ndinu.

Tsopano tifike pa makina. Kwa ife si nkhani yachilendo. Ambiri mukukumbukira Tikwere, pulogalamu ya pawailesi ya MBC imene inayamba kumveka m'makalasi aang'ono mu 2008, ana akuimba ndi kuyankha mphunzitsi wa pawailesi. Mu 2013 bungwe la VSO ndi la onebillion anayesa matabuleti pasukulu ya Biwi ku Lilongwe. Katswiri wa ku yunivesite ya Nottingham, Nicola Pitchford, anafufuza ntchitoyo ndipo anapeza kuti ana amene ankaphunzira masamu patabuleti kwa mphindi 30 patsiku kwa masabata 8 anapita patsogolo kuposa anzawo amene anangotsata maphunziro a masiku onse. Mu 2023 boma linakhazikitsa ndondomeko ya matabuleti ya BEFIT, imene inayamba ndi sukulu 500, ndipo cholinga chake ndi kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma.

Ubwino wa matabuleti amenewa ndi woonekeratu. Amalankhula Chichewa, safuna intaneti, amatchajidwa ndi sola, ndipo amapatsa mwana aliyense ntchito yolingana ndi pamene wafika. Mwana akalakwitsa, tabuleti imamubwezera funso popanda kalasi yonse kumva. Taonani mnyamata wa zaka 12 uja atavala mahedifoni. Akulondola chilembo ndi chala, walakwitsa, wayesanso, wakhoza, ndipo palibe amene wamuseka. Mphunzitsi wa ana 100, ngakhale atakhala wakhama chotani, sangapatse mwana aliyense mpata wotere tsiku ndi tsiku.

Koma tisaiwale zimene zinachitika ku Peru. Dziko limenelo linagula malaputopu oposa theka la miliyoni n'kugawira ana a m'sukulu zake. Kafukufuku amene anatuluka mu 2012, wochitika m'sukulu 319 za kumidzi, anapeza kuti patatha miyezi 15 ana anadziwa kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa masamu ndi pa chinenero sanapose anzawo amene sanalandire. Makina anafika, koma kaphunzitsidwe sikanasinthe. Khasu limene lili m'nkhokwe sililima munda, ndipo tabuleti imene yatsekeredwa m'kabati siphunzitsa mwana.

Ndiye pali mafunso amene woyendetsa sukulu ayenera kuwayankha makina asanatuluke m'katoni. Kodi nthawi ya matabuleti yalembedwa pa taimutebulo, kapena imadikira tsiku limene mphunzitsi wina sanabwere? Kodi makiyi a kabati ali ndi munthu mmodzi yekha, moti iye akapita kumaliro ana onse amakhala osaphunzira? Ndani amaona madzulo alionse kuti matabuleti alumikizidwa kuti atchajike, ndipo ndani amapukuta fumbi pa sola m'nyengo ya chilimwe? Mahedifoni akaduka, lipoti limapita kwa yani, ndipo limapita tsiku lomwelo kodi? Funso lalikulu koposa ndi ili: matabuleti akachepa, amayamba ndani? Mukangosiya kuti zizichitika zokha, amene amathamanga ndi amene amalimba pokankhana ndiwo amatenga. Wotsimphina, wamanyazi ndi wochedwa chifukwa chotunga madzi amapeza atha. Tabuleti isakhale mphotho ya mwana wokhoza bwino, ndipo kumumana mwana tabuleti kusakhale chilango. Tsegulani kope lija, muyambe ndi amene ali m'menemo.

Tinenenso zimene tabuleti singachite. Malangizo ake ambiri amabwera m'mawu ndi m'zithunzi. Mu 2018 Pitchford ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatsatira ana ofunika thandizo lapadera kuno ku Malawi. Anawo anaphunziradi ndi matabuleti, koma ovutika kumva ndi ovutika kulankhula ankayenda pang'onopang'ono kuposa ena. Mwana wosamva amafunika chinenero chamanja, ndi munthu woti azilankhula naye m'chinenerocho. Sukulu za ana osamva monga Mua, Maryview ndi Embangweni, pamodzi ndi bungwe la anthu osamva la MANAD, ndi kumene kuli luso limeneli. Mwana wosaona amafunika zilembo za Braille ndi makina ozilembera, ndipo sukulu monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje zakhala zikugwira ntchitoyi kwa zaka zambiri. Mphunzitsi wamkulu adziwe sukulu yapafupi imene ili ndi chipinda cha maphunziro apadera, ndipo nambala ya mphunzitsi wake ikhale m'foni mwake. Adziwitsenso a MANEB nthawi yolembetsa mayeso ikadalipo ngati ali ndi mwana wofuna mapepala a zilembo zazikulu kapena a Braille. Mwana amene waphunzira zaka 8 asakagwe chifukwa choti wina anaiwala kudzaza fomu.

Musaderere foni imene ili m'thumba mwanu. Kamera yake ingajambule zimene zili pabolodi n'kuzikulitsa kuti mwana woona movutikira awerenge ali pamalo pake. Mphunzitsi angajambule mawu ake akuwerenga nkhani, kuti mwana amene anajomba kapena amene Chichewa sichinamulowe amvetsere kawiri katatu. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, imene imawerenga mokweza zolembedwa pafoni, ndipo pa kompyuta pali pulogalamu yaulere yotchedwa NVDA imene anthu osaona amagwiritsa ntchito. Wailesi nayo isaiwalike. Pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, wailesi ndiyo inafika m'midzi imene intaneti sinafike. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasandutsa makalasi ambiri a kum'mwera kukhala misasa, tinaonanso kuti ana akabwerera kusukulu sabwerera ali pamodzi. Amene anali kumbuyo amabwerera ali kumbuyo kwambiri. Sukulu imene inazolowera kuyesa ana ndi kuwagawa m'magulu imadziwa poyambira zikatere.

Pa mafoni pomwepa ndichenjezepo. Vuto la mwana si nkhani yoika pagulu la WhatsApp. Musajambule mwana waulumali n'kumutumiza uku ndi uku popanda chilolezo cha makolo ake, ngakhale cholinga chikhale chopempha thandizo. Makamaka za ana achialubino, tonse tikudziwa nkhanza zimene akhala akuchitiridwa m'dziko muno. Chithunzi chosonyeza nkhope ya mwana, dzina la sukulu yake ndi njira imene amadzera chingathe kumuika pangozi. Kope lija likhale lotsekeredwa, ndipo aliwerenge okhawo amene akuthandiza mwanayo.

Zonsezi mphunzitsi wamkulu sangazisenze yekha. Aphunzitsi ena, makamaka amene agwira ntchito zaka zambiri, amaopa tabuleti, ndipo amachita manyazi kufunsa pamaso pa ana. Apatseni ola lawolawo kuti aigwire, alakwitse, aseke okhaokha. Mphunzitsi wachinyamata wodziwa makina muphatikizeni ndi wachikulire wodziwa ana, aphunzitsane. Mukalowa m'kalasi kukaona phunziro, musangoyang'ana sikimu ndi pulani. Sankhani ana awiri a m'kope lija, muone zimene akuchita kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kukambirana kwanu ndi mphunzitsi kuyambire pa ana awiriwo. Makolo nawo aitanidwe adzaone ndi maso awo zimene ana amachita pa matabuleti, chifukwa mudzi umene waona phindu la chinthu umachilondera usiku. Gulu la amayi a pasukulu limadziwa khomo limene mwana waulumali akubisidwa, limadziwanso mtsikana amene anabereka ndipo akuopa kubwerera, chonsecho ndondomeko yomulola kubwerera kusukulu ilipo kuyambira 1993. Ndipo komiti ikamakambirana za ndalama zotukulira sukulu za SIG, m'ndandandamo mulowe njira yotsetsereka pakhomo la kalasi, chimbudzi chimene mwana wa panjinga angalowemo, ndi choko chooneka bwino pa bolodi lopakidwa mwatsopano.

Ndilankhulenso kwa inu amene muli pamwamba pa aphunzitsi aakulu, a m'mazoni, a kumaboma ndi a mabungwe. Ambiri mwa anthuwa anaphunzitsidwa kuphunzitsa, kenako tsiku lina analandira kalata yowakweza kukhala oyendetsa sukulu. Tikuwasenzetsa katundu wa mamiliyoni ndi ana a mavuto osiyanasiyana, ndiye tiyenera kuwathandiza. Maphunziro a masiku awiri kulikulu la zoni (TDC) makina akamabwera sakwanira. Pakhale kukumana kwa mwezi ndi mwezi kumene aphunzitsi aakulu a zoni imodzi amayenderana n'kuona mmene mnzawo wakonzera taimutebulo. Pakhale munthu wodziwika wokonza makina, wofika msanga akaitanidwa. Pakhale lamulo lomveka la zimene zimachitika tabuleti ikasweka mwangozi, chifukwa mphunzitsi wamkulu amene akuopa kulipitsidwa amasankha kutseka kabati. Mafomu amene mumapempha achepe, ndipo zimene mwasonkhanitsa muzibweza kusukulu m'njira yoti zithandize. Mukabwera kudzayendera, musamalize ndi kuwerenga matabuleti. Funsani kuti ndi ana angati amene sankadziwa zilembo poyamba pa teremu ndipo tsopano akuwerenga mawu.

Amayi ndi abambo, pempho langa ndi ili. Mukabwerera kusukulu Lolemba, itanani aphunzitsi anu, aliyense atchule ana asanu a m'kalasi mwake amene akumudetsa nkhawa kwambiri. Lembani mayina awo. Pa dzina lililonse gwirizanani chinthu chimodzi chimene musinthe sabata yomweyo, kaya ndi pokhala, kaya ndi gulu, kaya ndi nthawi ya patabuleti, kaya ndi kalata ya kuchipatala. Pakatha mwezi mudzakhalenso pansi, mudzaone amene wasuntha ndi amene sanasunthe, ndipo kwa amene sanasunthe mudzayese njira ina. Makolo a ana amenewa anawapereka m'manja mwanu ndi chikhulupiriro choti aphunzira. Chonde, musalole kuti chaka chino chithe mwana ali m'kaundula wanu koma osadziwa kuwerenga dzina lake.